Mapazi a Enelesi

Kalekale, nthawi imene ng'oma zinayamba kuchoka kumidzi kukalira m'tauni, munthu wina dzina lake Kachingwe anali ndi gulu la ana ovina. Anawo anali amasiye otoledwa m'misewu. Iye ankawapatsa phala ndi pogona, iwo n'kumamuvinira. Nsapato ankaletsa. "Alendo amafuna kuona za kumudzi," ankatero. Komatu kumudzi mwana ankavina pa dothi, dzuwa litapendeka. Awa ankavina pa simenti, dzuwa likuswa mtengo.

Kenaka kunabwera lamulo loti ana ovina azikhala ndi wowayang'anira wolembetsedwa, wokhala ndi chiphaso. Anthu atatu anapempha, koma chiphaso chinali chimodzi. A ku ofesi anati aliyense ayesedwe tsiku lake ndi ana a Kachingwe pa chionetsero chachikulu cha magule.

Oyamba anali Mayi Nangondo. Iwowa anakalambira ku Joni akulera ana a eni, ndipo chiphasocho ndicho chikanawalola kudyera thukuta lawo kwawo. M'mawa akusambitsa ana, anaona Enelesi, mtsikana wotsogolera gule, akuyendera zidendene. Atamutembenuza mapazi anapeza matuza okhaokha.

"Agogo, musanene," anatero mwanayo. "Abwana akamva andichotsa. Mukufuna ndibwerere kukagona pansi pa mlatho?"

Mayi Nangondo anathowa mapaziwo ndi madzi amchere, anamupukuta misozi, nasunga pakamwa. Enelesi anavina. Iwo anayang'ana kumbali mpaka ng'oma italeka.

Mawa lake linali la Bambo Chikaonda, amene kale ankaphunzitsa anyamata mpira. Matuza aja anali ataphulika.

"Iwe, msilikali salira," anatero. Anamata zilondazo ndi guluu wa nsapato, namumwetsa mapiritsi opha ululu. Tsiku limenelo Enelesi anavina ngati wagwidwa ndi mizimu, moti mwini hotela ina analonjeza kutenga gulu lonse: ana onse alowe sukulu, azigona pa matiresi, azidya n'kukhuta. Paliponse pamene mwanayo anaponda panatsala dontho lofiira. Anthu ankaomba m'manja. Mayi Nangondo, ali pakati pa oonera, anawaona madonthowo, koma akanayambira pati kulankhula, dzulo lomweli atakhala chete?

Tsiku lomaliza linali la Abiti Saidi, mayi wachitsikana amene malamulo anachita kuwaloweza. Anapeza mapazi atatupa ngati maungu, akutulutsa fungo.

"Avine kaye, chipatala sichithawa," anatero Kachingwe.

Gule ali mkati Abiti analowa m'bwalo, nagwira dzanja la woimba ng'oma, nakweza phazi la mwanayo pamaso pa alendo.

"Taonani chimene mukuchiombera m'manjachi!"

Anamubereka n'kuthamangira naye kuchipatala. Kumeneko madokotala anati akanachedwa pang'ono mwendo wonse ukanapita. Anangodula zala zitatu.

Mwini hotela uja, poopa manyazi, anabweza mawu ake. Kachingwe anatulutsa ana onse panja n'kukhoma chitseko. "Pitani kwa mayi wanu wa malamuloyo akakudyetseni," anatero.

Patapita nthawi Mayi Nangondo anapeza Enelesi pa depoti ya basi akupemphetsa, phazi litakulungidwa nsanza. Pamphumi panali chotupa: anzake anamugenda chifukwa chowatayitsa sukulu. Ali pomwepo kunafika Abiti Saidi ndi mankhwala otsukira bala. Mwanayo anamulavulira.

"Mfiti iwe! Anakutuma ndani?"

Kenaka anakwawa nagwira chitenje cha Mayi Nangondo. "Agogo, ndinu nokha munandimvera."

Mawu amenewo anawalasa kuposa kutukwanidwa.

Tsiku lopereka chiphaso, mkulu wa ku ofesi anaitana atatuwo. Anati gulu lina la ana layamba kale kukonzekera ulendo, ndipo silinganyamuke popanda wowayang'anira.

"Ine ndinawapezera ana onse sukulu ndi chakudya," anatero Bambo Chikaonda. "Zala zitatu n'chiyani poyerekeza ndi mimba zonse zija? Anawononga zinthu ndi uyu."

"Ine ndinapulumutsa mwendo," anatero Abiti Saidi. "Mwanayo andide, koma andide ali ndi miyendo iwiri."

Mayi Nangondo anayang'ana manja awo, manja omwe analera ana a eni osataya n'mmodzi yemwe. "Ine mwana anandiululira mantha ake," anatero, "ndipo sindinamupereke. Mwana akasiya kukukhulupirira, bala lotsatira adzakubisira."

Mkulu uja anatenga cholembera, koma anasowa dzina loti alembe.

Tsono inu amene mwamva nkhaniyi, tiweruzireni. Atakhala kuti mwana wanu ali m'gulu limene likunyamukalo, mungamupereke m'manja mwa yani: amene anasunga chinsinsi chake bala likukula, amene anamuvinitsa pa magazi kuti anzake adye, kapena amene anapulumutsa mwendo wake n'kubweza ana onse kumsewu?