Chikwangwani cha Ba Oswell

M'nyumba ya Ba Oswell Sakala ku Woodlands munkakhala anthu awiri, koma ulemu wonse unkapita kwa chinthu chachitatu: magalasi oonera patali. Anali ndi kansalu kakekake kowapukutira, ndipo mkazi wawo, Amake Pearl, sankaloledwa kukachapira pamodzi ndi masokosi. Chipumireni ntchito ku kampani ya inshuwalansi, bamboyu adalowa kagulu ka anthu oonera mbalame. Musamve ngati amazisaka, ayi. Amaziyang'ana, n'kulemba dzina m'kabuku, n'kubwerera kunyumba chimanjamanja kudzafunsa kuti ndiwo n'chiyani lero.

Kuseri kwa mipanda ya nyumba za kumeneko kudatsala kathengo kokhala ndi kamtsinje ndi mkuyu waukulu. Mumkuyumo nduwaluwa ziwiri, mbalame zobiriwira zija zimene zimaonetsa mapiko ofiira psuu zikauluka, zidamanga chisa. Ba Oswell ndiwo adayamba kuchiona, ndipo adalengeza ngati mazirawo aikira ndi iwo. Adaitana kagulu konse kuti Loweruka lomaliza la mwezi wotsatira kadzaone tiana ta nduwaluwa ndi maso awo.

Koma kanjira ka m'kathengoko sikanali kawo okha. Kukangocha ankadutsamo anthu oyendetsa agalu, patsogolo pali Ba Vivian Mwanza, namwino wa pakamwa pakuthwa, ndi chigalu chawo chonga mwana wa ng'ombe, dzina lake Kapitao. Tsiku lina Ba Oswell atalozetsa kamera bwinobwino, mpweya atagwira, Kapitao adauwa kamodzi kokha. Mbalame pululu!

"Amai, imbwa yanu yathawisa nyoni yanga!"

"Yanu? Munaigula ku msika wa Soweto?" adafunsa Ba Vivian. "Ba Sakala, Kapitao sakwela mitengo. Bamene azonda ni bachona, osati nyoni."

Chona ndiye mphaka, koma Ba Oswell sadafune kumva za amphaka. Adafika kunyumba mkamwa mukutuluka utsi. Amake Pearl ankayanika zovala, ndipo adayankha osatembenuka.

"Atate ake Pearl, kathengo kaja kakhala koyela chifukwa cha ndani? Munaonako munthu na tsache kumene kuja?"

"Iwe, za nyoni uzibako chani? Nyoni yamene uziba ni nkhuku ya mu fuliji chabe."

Popeza anali mlembi wa komiti ya okhala m'deralo, Ba Oswell adatumiza uthenga pa gulu la Watsapu, wautali ngati ulaliki wa Lachisanu Loyera. Anthu adauvomera ndi tizala toimika, ambiri asanafike pakati. Lolemba lake chikwangwani chidaima polowera m'kathengo, cholembedwa m'Chingerezi chokhwima: agalu saloledwa. Ba Vivian adachiwerenga, n'kuchiwerengeranso Kapitao mokweza, kenaka iwo ndi anzawo adasamukira kumsewu wa phula.

Sabata yoyamba kathengo kadali zii, ndipo Ba Oswell ankayenda chifuwa chili patsogolo. Sabata yachiwiri ndiyo idabwera ndi alendo. Kuli azibambo a mawilibala amene amatumidwa kukataya zinyalala za m'nyumba za anthu. Kale akati alowe m'kathengomo mbandakucha ankakumana ndi mano a Kapitao ndi pakamwa pa Ba Vivian, ndiye ankapitirira nazo kutali. Tsopano adapeza kuti mlonda wachotsedwa ntchito. Nanga munthu n'kuvutikiranji kukankha wilibala mtunda wonsewo dzala lili pafupi?

Adayamba ndi masamba ndi mabotolo. Kenaka mitu ya nsomba, matiresi akutha, ndi matewera a ana, aja otaya amene ngakhale mvula ya chaka chonse siiwoletsa. Ntchentche zidauza akhwangwala, akhwangwala adauza amphaka. Amphaka aja kale ankangosuzumira pamwamba pa mpanda tsopano adatsika ndi mabanja awo. Pomaliza kudafika agalu ena, opanda chingwe, opanda mwini, osapita kusukulu. Amenewo Chingerezi sankachimva. Mtengo wa chikwangwani ndiwo adausandutsa potukulira mwendo.

Ba Oswell adayesa kulondera okha. M'mawa wina adatsekereza bambo wa wilibala, magalasi ali lendelende pakhosi.

"Iwe! Sunabelenge chamene chalembewa apo?"

"Nabelenga, ba mudala," adayankha bamboyo mwaulemu, uku akukhuthula. "Chakamba imbwa. Ine ndine munthu."

Amake Pearl adawauza kuti apite akapepese kwa Ba Vivian nthawi ikadalipo. Iwo adati mlembi wa komiti sangameze chikwangwani chake, ndipo chisa chili pamwamba, zapansi sizichikhudza.

Loweruka lija lidakwana. Kudabwera anthu khumi ndi mmodzi, zipewa zazikulu kumutu, ena kuchokera ku Kabulonga, ena ku Avondale, wapampando wawo Ba Abednego Zulu ali patsogolo ndi kabuku. Adayenda mwakachetechete monga mwa mwambo wawo, kungoti tsiku limenelo dzanja limodzi lidali pamagalasi, lina pamphuno. Atafika pansi pa mkuyu, Ba Oswell adaloza m'mwamba n'kunong'oneza kuti, "Pa nthambi yachitatu, kumanzere."

Magalasi onse adakwera pamodzi. Pachisa padagona chimphaka chotuwa, mimba ili tang'atang'a, chikunyambita dzanja. Chidawayang'ana alendowo ngati munthu wodzutsidwa pa tulo ta masana. Nthenga imodzi yofiira idatsika pang'onopang'ono n'kutera pa thewera.

Palibe adaseka, poti ndi anthu ophunzira. Ba Abednego, amene salemba bodza m'kabuku, adawerenga mokweza zimene ankalemba: "Akhwangwala, makumi atatu ndi mmodzi. Nduwaluwa, nthenga imodzi." Kenaka adafunsa ngati pali njira ina yotulukira yosadutsa pamitu ya nsomba.

Masana omwewo Ba Oswell adazula chikwangwani, n'kukagogoda pageti ya Ba Vivian, chipewa chili m'manja. Adati komiti yaganizanso, agalu angathe kubwerera.

"Zikomo kuli komiti," adatero Ba Vivian. "Koma Kapitao ni imbwa ya jekeseni zonse, sangayende pa matewela. Yambani mwachosa vonse vija, manje tizabwela." Adalowa m'nyumba n'kutuluka ndi fosholo, masaka atatu ndi magolovesi a kuchipatala.

Kwa sabata yathunthu anthu a m'deralo ankaona mlembi wa komiti atawerama m'kathengo, magalasi atatsala kunyumba pa kansalu kake. Nduwaluwa sizidabwererenso mumkuyu uja. Amake Pearl ankawabweretsera madzi akumwa pa mpanda. Paja akulu adanena kale: walira mvula walira matope.