Mchere wa M'thumba mwa Zuze

Panali mwamuna wina, mbusa wa ng'ombe pa famu yaikulu ya kuchigwa, kuja kumene dzuwa likafika pamutu ngakhale khwangwala amayenda kukamwa kuli yasa. Dzina lake lenileni ndikubisirani, chifukwa ana ake alipo ndipo ena a inu mumagundana nawo mapewa kumsika. Tingomuti Zuze.

Zuzeyu anali ndi ng'ombe mazana awiri zoziweta, mkazi mmodzi kunyumba, ndi maso awiri osakhazikika.

Chaka china m'kholamo munabadwa kathole kofiira, ka banga loyera pamphumi. Mathole ena akaona munthu amathawira kuseri kwa make. Aka ayi. Kankafika mpaka m'mawondo, kununkhiza nsapato, kukoka malaya, kulowetsa mphuno m'chipewa. Zuze akakhala pansi, iko kankaima patsogolo pake n'kumamuyang'ana m'maso ngati kali ndi funso.

"Iwe Chidwi, ukufunanji kwa ine?" ankatero Zuze akuseka. Dzina linagwira pomwepo.

Tsiku lina anatapa mchere umene ng'ombe zimanyambita nauika m'thumba la buluku. Kathole kananyambita m'dzanja lake. Basi, ubwenzi unamangika. Akapita kudibi kokasambitsa ng'ombe, kali pambuyo. Akapita kumjigo, kali pambuyo. Abusa anzake ankamunyogodola kuti, "Zuze, mwana wako wachisamba uja akukufuna!" Ndipo ankakakondadi, tisamunamizire munthu. Ankakachotsa nkhupakupa ndi zala zake, n'kumakauza zakumtima zimene mkazi wake sanazimvepo.

Koma tsono, abale anga, kuseri kwa thengo la mitengo ya tsanya kunali nyumba ya a Chapepa, kapitawo wa famuyo. M'nyumbamo munali mkazi wawo wamng'ono, Esinala, wa kampata m'mano, woseka ndi mapewa omwe. Masana a Chapepa ankakhala kutali, akuyendera mipanda pa njinga yamoto. Masana omwewo ng'ombe zimagona pamthunzi n'kumabzikula, ndipo mbusa amasowa chochita. Zotsalazo mwadziwa kale, musandichimwitse pakamwa.

Tsiku lina Zuze atangokhala pamphasa ya eni, anamva mpweya wofunda m'khosi. Kucheuka, Chidwi kasuzumira pakhomo.

"Mayo ine!" anatero Esinala atagwira pamtima. "A Zuze, mwabwera ndi mboni?"

"Ndi kamwana aka. Sikayankhula."

"Iko sikayankhula, koma mapazi ake amayankhula. Bambo akuno amawerenga mapazi a ng'ombe kuposa Baibulo. Akangodziwa, inu ndi ine tatha. Kakabweranso aka, inunso musabwere."

Mawa lake Zuze anatenga chingwe cha khonje. Anatambasula dzanja la mchere, kathole kanabwera kakudumphadumpha. Kali mkati monyambita, iye anakamanga m'khosi n'kukamangirira pa tsanya.

"Undidikire pompano, mnzanga. Sindichedwa."

Unali mwezi wa Okutobala. Anachedwa.

Mthunzi unasuntha. Kathole kanazungulira mtengo kufuna njira yomutsatira, chingwe chikufupika, kakuzungulirabe. Pobwera anakapeza katagwada, lilime lili panja, maso ali kunjira imene iye anapita.

Anamasula chingwe nachikwirira. Madzulo anauza a Chapepa kuti njoka yaluma thole.

"Pepa, Zuze, kanali kako kaja," anatero kapitawo. "Koma make ndi ng'ombe yamkaka. Akapanda kumva fungo la mwana, abisa mkaka. Kasende chikopa."

Pafamupo ankachita chotere: thole likafa, ankasenda chikopa chake chonse ndi mutu womwe, kulongamo udzu wouma, kusoka, n'kuikamo timitengo m'miyendo kuti liime. Pamsana ankawazapo mchere. Make akamanyambita, mkaka unkatsika. Zuze anapempha kuti asende yekha, anthu n'kumati ndi chikondi. Anasoka yekha, n'kupinda chikopa cha m'khosi kuti mzere wa chingwe usaoneke.

Anakaimika m'khola lokamiramo mkaka, nkhope itayang'ana kukhoma. Make ananunkhiza, ananyambita, mkaka unatsika.

M'mawa mwake anakapeza katayang'ana pakhomo.

Anakatembenuza. Atakhala pansi kuti akame, anakweza maso: mabowo awiri aja, mmene munali maso, ali pa iye. Anasamukira mbali ina ya ng'ombe. Ndowa isanadzaze, mabowo aja anali atamupezanso.

"Make amakakankha ponyambita," anatero anzake. "Wayamba kuopa udzu, Zuze?"

Mwina analidi make. Koma mchere wa m'thumba mwake unayamba kupezeka wonyowa, m'chilimwe chopanda ndi dontho lomwe. Ndipo masana, akamadutsa m'thengo la tsanya, ankamva pambuyo pake masamba ouma akuti tswa, tswa, tswa. Akaima, zii. Akacheuka, palibe kanthu, koma dzuwa ndi mitengo. Anacheuka tsiku loyamba, lachiwiri, lachitatu. Tsiku lachinayi analumbira kuti zivute zitani, sadzacheukanso.

Atamuuza Esinala, mkazi uja anaseka mpaka misozi.

"Bambo wandevu kuwonda chifukwa cha chikopa! Bweretsani kuno. Udzuwo ndikolezera moto wa nyemba, chikopacho chipsere momwemo. Mudzati agalu anakoka."

Tsiku lotsatira, dzuwa lili pamutu, Zuze analowa mokamira mkaka, analonga kathole m'chiguduli n'kukasenza paphewa. Anadutsa nako pamthunzi pamene ng'ombe zinagona.

Apa ndiye pamene mbusa amene anali ataweta ng'ombe zaka makumi awiri anaiwala chimene ngakhale mlendo amaphunzira sabata yoyamba: make amatsata fungo la mwana. Ndiponso make Chidwi ndiye ankatsogolera gulu lonse popita kumadzi. Iye akadzuka, zonse zinkadzuka.

Zuze analowa m'thengo. Tswa, tswa, tswa. Sanacheuke. Mapazi aja anachuluka. Anamva nthaka ikunjenjemera pansi pa nsapato zake, fumbi likumupitirira m'makutu. Anangoluma mano, n'kumati mumtima, "Palibe kanthu, palibe kanthu." Anafika, analowa, anatseka chitseko, n'kuponya chiguduli pakona.

Asanakhale n'komwe, m'nyumbamo munada ngati kukubwera mvula. Panamveka kupuma. Kupuma pazenera, kupuma pachitseko, kupuma kuseri kwa khoma lililonse. Esinala anakweza kansalu ka pazenera, ndipo kuseka kuja kunamuthera.

Ng'ombe mazana awiri zinali zitazinga nyumba. Panalibe yolira, panalibe yogwedeza mchira. Zinangoima padzuwa, mitu yonse italoza kuchitseko. Make Chidwi anali atatsamiritsa mphuno pathabwa.

"Tulukani muzithamangitse!" ananong'ona Esinala.

"Ndidzera pati?"

Nthawi yomweyo a Chapepa anali atadutsa pamthunzi paja n'kupeza ndowe zokha. Sanavutike kuwerenga mapazi. Ng'ombe zinali zitalambula msewu wonse, kuchokera pamthunzi mpaka pakhonde lawo. Atafika, anazimitsa njinga. Ng'ombe zinapatuka zokha kuwapatsa njira.

"Esinala," anaitana mosakweza mawu, "tsegula. Ng'ombe zangazi zabwera kudzaona ndani?"

Chitseko chinatseguka. Zuze anali kukhoma, chipewa chili m'manja. Chiguduli chinali pansi chopanda kanthu. Pakati pa nyumba panali pataima kathole pa timitengo take tinayi, mabowo aja ali pa Zuze. Amene anakaimika sadziwika. Esinala analumbira kuti si iye.

Posenza paja ulusi wa m'khosi unali utaduka, chikopa chija n'kufunyululuka. A Chapepa anagwada, anayendetsa chala pa mzere wopanda ubweya wozungulira khosi lonse. Anayang'ana mkazi wawo. Anayang'ana mbusa wawo.

"Njoka yako ija, Zuze," anatero, "inali yopota ndi khonje eti?"

Dzuwa lisanalowe Zuze anali pamsewu. Mkazi wake analongedza miphika ndi ana kupita kwawo. Esinala anaperekezedwa kwa amalume ake, ndipo nkhani inafika kumeneko iye asanafike. Akuti mpaka lero Zuze sakhudza mchere ndi dzanja. Akutinso akadutsa pafumbi, pambuyo pa nsapato zake pamatsala timapazi ting'onoting'ono togawikana pakati. Izo ine sindinadzionere, koma amene anandiuza sanama kawirikawiri.

Tsono inu mukusekanu, mverani. Za Esinala zilekeni, zoterozo zinayamba kale. Ine ndikunena za chingwe. Aliyense wa ife ali ndi kake kamene anakaphunzitsa kumutsata: mwana, mkazi, mnzake wosauka, aliyense amene amathamanga akaona dzanja lanu. Tsiku limene mudzaone kuti kumene mukupita simungapite naye, vuto si iye, vuto ndi kumene mukupitako. Bwererani. Mukamunyenga ndi mchere womwe uja kuti mumumange pamtengo, dziwani kuti sasiya kukutsatani. Kungoti ulendo uno sabwera yekha.