Manda a Chimphuno

Kalekale, mfuti za nkhondo yaikulu zitachita kale dzimbiri, ku Zomba kudatsika mzungu wina wokalamba, dzina lake Thackray. Dzinalo linkathyola lilime, motero asilikali a Keyala amene ankawatsogolera ku Bama adangomutcha Chimphuno. Mphunoyo, abale anga, inkafika pamalo m'mawa, mwini wake n'kudzafika masana.

Kwawo ku Mangalande adatsala yekha ngati chitsa, ndipo madokotala adamuuza kuti mvula ikubwerayo sadzaiona. Choncho adaitanitsa anzake a kunkhondo. Padabwera nkhalamba ziwiri ndi mayi mmodzi, onse nakhala pansi pa mtengo wa mango.

"Anzanga, ndabwera kudzafa," adatero Chimphuno m'Chinyanja chake chopindika. "Dothi la kwathu n'lozizira, wondilira kulibe. Mukandiike kumanda a munthu amene adandipulumutsa."

Ponena izo ankayesa nkhani yapafupi. Koma atatseka maso, nkhalango ya ku Bama idabwerera yonse: chipolopolo cha Ajapani chitamuswa ntchafu, gulu lonse litabalalika, iye ali gone m'matope ndi anthu atatu okha.

Adayamba kulankhula Che Likambale a ku Mangochi. Iwowa ndiwo adam'bereka m'bulangete ngati khanda masiku asanu ndi anayi, kuwoloka naye mtsinje wotambalala moti mbalame zinkapumira kawiri zisanafike tsidya. Misundu yake, uliwonse kukula ngati mkono wa munthu.

"Bwana, munkalemera ngati ng'ombe ya bere," adatero. "Msana uwu sudawongokenso. Tiyeni kwathu. Ashehe ndalankhula nawo kale, akuti adzayang'ana kumbali."

"Iwe udangonyamula katundu!" adadula Namakhwa wa ku Phalombe. "Adaikamo moyo ndani?"

Chimphuno adamwetulira, pakuti adakumbuka. Malungo atamuumitsa nsagwada, Namakhwa ankatchera mbewa za ku Bama, zonenepa ngati ana a mbuzi, n'kumatafuna nyamayo yekha, kenaka kumulowetsa m'kamwa ndi chala, uku akumuimbira nyimbo yotonthozera mwana.

"Munkandiuza kuti ndi nkhuku," adatero mzunguyo.

"Inali nkhuku ya mchira, bwana. Mnzathuyu ankayang'ana kumwamba kuti asaone. Koma amene wadya za m'kamwa mwako ndi mwana wako. Mwana amagona kwa eni ake?"

Mayi uja adali Nankhoma wa ku Dedza, mlongo wake wa Kamtedza, msilikali wachitatu. Chimphuno adalephera kumuyang'ana m'maso. Tsiku lachisanu ndi chimodzi la ulendo uja, Ajapani adawazinga, ochuluka kuposa nyerere za pachulu. Kamtedza adavula chipewa cha Chimphuno, navala yekha, natenganso wezulo yake. "Akufuna mzungu, ndiwapatse mzungu," adatero akuseka. Adathamangira kwina akuimba wezuloyo, adani onse pambuyo pake. Idalira, idalira, mpaka idaleka.

"Ine nkhondo sindiidziwa, bambo," adatero Nankhoma. "Ndidangolandira kalata. Mtembo sudabwere. Ndiye tidachita mwa mwambo wathu: tidadula thunthu la nthochi, kulikulunga mumphasa, n'kuliika m'manda m'malo mwake. Zaka zonsezi ndakhala ndikusesa pamanda a nthochi. Mayi athu adamwalira akuyang'anabe kumsewu."

Adapukuta nkhope ndi nsonga ya chitenje.

"Achimwene adagona pamalo panu. Inu bwerani mudzagone pamalo pawo, kuti nanenso ndilireko munthu."

Nkhalamba ziwiri zija zidawerama. Koma Che Likambale adadzutsa mutu pang'onopang'ono.

"Chemwali, Kamtedza adali m'bale wathu. Koma ine ndikadamutula pansi bwanayu, imfa ya Kamtedza ikadapita pachabe."

"Ndipo ine ndikadapanda kumudyetsa," adatero Namakhwa, "ukadafika ndi mtembo kumsana."

Chimphuno adalira, abale anga. Misozi yake idatenga ola lathunthu kuti ifike kunsonga ya mphuno, ndipo pamene idagwera pali chithaphwi mpaka lero.

"Bwanji mundigawe patatu?" adafunsa.

"Iyayi! Munthu si mbuzi ya paukwati!" onse atatu adakana pamodzi.

Mitambo idali itayamba kale kusonkhana pamwamba pa phiri la Zomba, ndipo mphepo inkanunkhira mvula. Thupi ndi limodzi, manda atatu: kwa amene adamubereka, kwa amene adamutafunira, ndi kwa amene adavala chipewa chake osabwereranso.

Tsono inu mwamvanu, musandiyang'ane ine. Khasu lili m'manja mwanu: Chimphuno tikamukumbire kuti?