Pumbwa ndi Udzu Wonyezimira

Timba ndi Pumbwa anali pachibale, ndipo anamaliza limodzi maphunziro a zomanga zisa kuyunivesite ya mbalame. Timba anali wofatsa, wokonda kufunsa. Pumbwa, yemwe anali wamkulu, ankakonda zooneka. Atangovula magauni, anayamba kukangana za kokayambira ntchito.

A Khwangwala, eni kampani yaikulu, ankalipira dengu la mawere pamwezi, ntchito yake kungodinda chidindo pamapulani. A Tchete, mmisiri wokalamba woluka zisa, ankalipira chipande chimodzi basi. Pumbwa anasankha a Khwangwala, Timba nasankha a Tchete.

"Iwe, digiri yonseyi ukadyere chipande?" anaseka Pumbwa. "Ine ndavutika zaka zinayi, ndikufuna ndidyerere."

"Pitani achemwali," anayankha Timba. "Ine zisa ndimazidziwa papepala pokha."

Kwa a Tchete kunali thukuta lokhalokha. Chisa choyamba cha Timba mkuluyo anachiphwasula, chachiwiri chimodzimodzi. Koma sanali ankhanza ayi. Akaphwasula ankakhala naye panthambi n'kumati, "Pinda apa mwanangu, koka pang'ono," ndipo akazi awo ankamusungirako tingumbi tiwiri titatu masana.

Patapita zaka ziwiri, Pumbwa, amene tsopano anali atanenepa ndiponso atakwatiwa, anamva kuti mazira ayandikira. Mvula nayo inali pakhomo. Anajambula pulani yokongola, nagula udzu wouma wonyezimira, nati aluka yekha poti ndi katswiri. Koma akati amange mfundo, udzu unkangoti thyo! Masiku atatu anatha panthambi pali mbee.

Timba podutsa anamupeza akulira. Sanamuseke ayi, anangotera pambali pake n'kumuchotsa kachitsotso pamutu.

"Achemwali, chisa salukira udzu wouma. Timathyola wauwisi chifukwa umapindika, ndipo ukamauma ndi pamene mfundo zimalimba."

"Koma m'mabuku sanalembemo zimenezo!"

"Sanalembe inde. Ine ndinazidziwa atandiphwasulira zisa zisanu. Pukutani misozi, tiyeni kudambo."

Anagwira ntchito tsiku lonse, Timba akuluka, Pumbwa akupatsira. Dzira loyamba linaikiridwa pofunda, ndipo m'mawa mwake mvula inakhuthuka, chisa chili nji! Mbalame zimene zisa zawo zinadontha zinayamba kufunsa woluka, mpaka Timba ankachita kubweza zina.

Ana ataphunzira kuuluka, Pumbwa anabweza chidindo kwa a Khwangwala, napita kwa a Tchete mutu uli pansi kukapempha malo.

"Malo alipo mwanangu," anatero mkuluyo. "Koma ine maso afooka. Akuphunzitsa ndi uyo, ndamusiyira ntchito yonse." Analoza Timba, amene anasendera pang'ono panthambi kuti mkulu wake apeze potera.

Phunziro: Posankha ntchito yoyamba usangofunsa kuti akupatsa zingati. Ufunsenso kuti pochoka pamenepo udzakhala ukudziwa kuchita chiyani.