Yunifolomu ya Malemu Gus Brandvold

Aliyense wolowa m'sitolo ya a Delbert Huffnagel kukagula chakudya cha nkhuku ankalonjeredwa ndi fungo asanalonjeredwe ndi eni sitolo. Fungolo silinali la gaga kapena la anapiye ayi. Linkachokera m'kabati yagalasi kuseri kwa kauntala, momwe munapachikidwa yunifolomu ya malemu Gus Brandvold, manijala yekhayo amene anabweretsapo chikho m'tauni ya Cotter's Bend. Gus anali chimunthu chonga nkhokwe yodzaza. Anamwalira chikhocho chitangobwera kumene, soseji ili kukamwa, ndipo kuyambira pamenepo a Huffnagel, eni ake a timu ya Atsekwe ya besibolo, masewera omenya mpira ndi ndodo n'kuthamanga kuzungulira makona a bwalo, sanalole kuti chovalacho chione madzi.

"Mukachapa muchotsa mwayi," ankatero kwa akazi awo, mayi Lorna.

"Mwayi wake uti, bambo inu? Apa ndi malovu a fodya, apa ndi msuzi, ndipo ichi sindikufuna n'kuchidziwa komwe."

"Chimenecho ndiye mwayi weniweniwo."

Zaka zinapita, chikho osabweranso. Atsekwe anazolowera kukhala pansi pa ligi monga amachitira matope pansi pa chitsime, ndipo pamabenchi a ochemerera pankakhala mpheta zambiri kuposa anthu. Tsiku lina m'mwezi wa Meyi, masewera a chaka atangoyamba, m'sitolomo munalowa a Ambrose Teague, pulezidenti wa ligi, atatseka mphuno ndi kampango.

"A Huffnagel, sindikubisirani," anatero. "Anthu a ku Wexley amanga bwalo latsopano ndipo akufuna timu. Chaka chino mukathera pansi penipeni, Atsekwe ndikuwasamutsira kumeneko."

Timuyo a Huffnagel anawasiyira ndi bambo awo. Popanda Atsekwe iwo akanangokhala wogulitsa gaga basi, ndipo Cotter's Bend ikanangokhala malo pomwe sitima imaliza wezulo osaima. Anakhala pampando n'kuyang'anitsitsa kabati ija mpaka maso anachita misozi ndi fungo. Kenaka anamenya kauntala ndi chibakera.

"Ndaona pomwe pali vuto! Chichokereni Gus, palibe manijala amene wavalapo yunifolomu iyi!"

Manijala wa chaka chimenecho anali a Wendell Pike, bambo woonda ngati bango, wofatsa, amene ankatha tsiku lonse akuphunzitsa mnyamata mmodzi kagwiridwe ka ndodo yomenyera mpira. Anyamata ankawakonda ndipo anali atayamba kusintha pang'onopang'ono. A Huffnagel anawaitanitsa n'kuwauza kuti avale yunifolomu ija. A Pike analowa m'malayamo monga amalowera khoswe m'thumba, osaonekanso.

"A Pike, mulimo?"

"Ndilimo bwana, chakumanzere kuno."

"Tulukani. Munthu wolephera kudzaza malaya angadzaze bwalo? Ntchito yatha."

Wowakha mpira wa timuyo, Rufus Tolliver, amene anali wamkulu mwa osewera onse ndipo mawondo ake ankalira ngati chitseko chakale, anapita kukadandaula m'malo mwa anzake.

"Bwana, a Pike ndiwo amadziwa nthawi yosintha woponya mpira akatopa. Tikufuna mutu, osati mimba."

"Iwe Rufus, unaliko pomwe Gus ankatenga chikho?"

"Ndinali kusukulu, bwana."

"Ndiye khala chete. Ine ndinaliko, ndipo chimene ndinaona chinali mimba."

M'mawa mwake anatenga tepi yoyezera nsalu ya mayi Lorna n'kuyamba kuzungulira m'tauni. Sankafunsa munthu ngati amadziwa besibolo. Ankangomukulunga tepi m'chiuno, n'kupukusa mutu, n'kupitirira.

Woyamba kukwana anali a Hollis Dunleavy, a butchala. Iwo anafika pabwalo, nayamba kupapasa anyamata ntchafu ndi mapewa monga amachitira pogula ng'ombe, kenaka anawandandalika molingana ndi kulemera: wonenepa kwambiri ndiye ayambe kumenya mpira, owonda adikire. Onenepawo ankamenyadi, koma pothamangira pakona yoyamba mpira unkawapeza akadali panjira akupumira m'mwamba. Atsekwe anagonja mowirikiza. A Huffnagel sanadandaule nazo zimenezo. Chimene chinawakwiyitsa n'chakuti nsalu ya yunifolomuyo inali yaubweya wankhosa, yokhuthala ngati bulangete, ndipo dzuwa la mwezi wa Juni, lomwe kumeneko limaotcha, linayamba kusungunula a Dunleavy. Tsiku lina thalauza inawatsika ali m'kati molankhula.

"Mwaonda mwadala!" anakalipa a Huffnagel. "Aka ndi kaduka. Vulani!"

Wachiwiri anali a Elmer Quattlebaum, amene ankaimba chilipenga chachikulu m'gulu la oimba la ozimitsa moto. Anali munthu wabwino mtima, ndipo anayesetsa kuloweza zizindikiro zimene manijala amalankhulira ndi anyamata ake ali m'bwalo kuti adani asamve: kugwira chipewa, menya mpira; kusisita pachifuwa, thamangira kona ina; kukhudza khutu, ima pomwepo. Koma nsalu yosachapidwa ija inali ndi alendo ake. Masewera atangoyamba a Quattlebaum anayamba kukanda pachifuwa, m'khwapa, m'khosi, pachifuwanso. Anyamata, poona manja a manijala akuvina, anangoti onse liwiro. Awiri anakumana pakona imodzi n'kuyamba kukanganirana malo. Wina anathamanga mobwerera m'mbuyo. Wina amene sanali n'komwe m'masewera anadzuka pabenchi n'kuzungulira bwalo lonse.

"A Elmer!" anakuwa Rufus. "Mukutiuza kapena mukudzikanda?"

"Sindikudziwanso, achimwene!" anayankha a Quattlebaum, misozi ili chuchuchu, zikhadabo zili kumsana.

Iwowa sanadikire kuchotsedwa. Anasiya yunifolomu pakhomo la sitolo n'kupita kuchipatala.

Wachitatu anamupeza pachionetsero cha zaulimi, komwe ankagwetsana ndi anthu pofuna ndalama, ndipo ankadzitchula kuti Chimbalangondo cha ku Omaha. Yunifolomu inamukwana ngati anabadwa nayo, ndipo nsabwe zinamuopa. A Huffnagel anavina m'sitolo. Koma pamasewera ake oyamba, woyimbira atagamula mokomera alendo, Chimbalangondo anamunyamula mwaulemu, namukhazika padenga la kanyumba kogulitsiramo mtedza, n'kuchotsa makwerero. A Teague anamuletsa kuponda bwalo lililonse la ligi mpaka imfa.

Pofika mwezi wa Ogasiti anthu onenepa anasowa m'Cotter's Bend. Akaona a Huffnagel akubwera ndi tepi ankabisala kuseri kwa mathalakitala, ndipo abusa a mpingo wa Lutheran, amene anali ndi thupi labwino, analengeza kuti ayamba kusala kudya. Atsekwe anali pansi penipeni, akulimbirana malowo ndi timu ya ku Sorrel Creek, imene ankayenera kukumana nayo pamasewera otsiriza.

"Bambo inu," anatero mayi Lorna pachakudya chamasana, "a Pike akadali m'tauni muno, akupenta mipanda. Pitani mukawapepese. Kapena ndipatseni chisanza chanucho ndichichepetse, chiwakwane."

"Mukufuna kudula mwayi ndi sizasi? Ayi. Ngati palibe munthu wokwana m'malaya a Gus, ndikwanamo ndine. Onjezerani mbatata."

Kuyambira tsiku limenelo a Huffnagel anadya ngati dzombe. M'mawa mazira, nyama yankhumba ndi zitumbuwa zothira uchi; masana nkhuku yokazinga ndi mbatata yophwanya ndi batala; madzulo chikeke cha maapulo chathunthu. Makasitomala ankawapeza atagona pamatumba a gaga, akutafuna maso ali chotseka.

"Ine ndinakwatiwa ndi mwamuna," ankadandaula mayi Lorna, "osati nkhumba ya kuchionetsero."

"Phikani, mayi. Kwatsala zala zitatu."

Tsiku la masewera otsiriza litafika, zinapezeka kuti apitirira muyeso. Zinatengera Rufus ndi anzake awiri kuti amange mabatani, wina atawaponda bondo pamimba. Koma analowamo, ndipo atatulukira pabwalo akuyenda ngati mtolo wa thonje, anapeza mabenchi onse atadzaza kwa nthawi yoyamba chichokereni Gus. Tauni yonse inabwera kudzaona ngati aphulike. A Teague anakhala kutsogolo, chipewa chili pabondo.

Poyamba zinthu zinayenda bwino modabwitsa. A Huffnagel sankatha kukweza manja chifukwa cha kuthina kwa malaya, choncho sanapereke chizindikiro chilichonse, ndipo anyamata anangosewera monga anawaphunzitsira a Pike. Woponya mpira wawo, Lyle Jessup, anaponya ngati mphezi. Pofika chigawo chomaliza Atsekwe ankatsogola ndi mapointi awiri.

"Ukuona, Rufus?" anatero a Huffnagel akupuma movutikira. "Ikugwira ntchito!"

Koma mkono wa Lyle unali utatha. Unkalendewera ngati chingwe chonyowa, ndipo mipira yake inayamba kupita kumene ikufuna. Womenya woyamba wa Sorrel Creek anafika pakona, wachiwirinso chimodzimodzi. Rufus anaimitsa masewera n'kuthamangira kubenchi, mawondo akulira.

"Bwana, Lyle watheratu. Lowetsani wina tsopano lino, apo ayi timu yapita."

"Dikira ndimve kaye kuti Gus akuti chiyani."

A Huffnagel anapendeketsa mutu, naika khutu paphewa la malaya, natsinzina.

"Akuti chiyani, bwana?"

"Sakumveka bwino. Zikukhala ngati akuti kwatentha."

"Nanga za Lyle?"

"Za Lyle sananene kanthu. Ndiye kuti apitirize."

Lyle anaponyanso, mpira unadutsa kutali ndi womenya, ndipo woyimbira analamula kuti womenyayo apite pakona yoyamba. Tsopano makona onse atatu anali ndi adani. Apa a Huffnagel anakumbukira chinthu chimodzi chimene ankachidziwa bwino pa ntchito ya umanijala: zinthu zikavuta, Gus ankapita kwa woyimbira n'kumuthira fumbi pansapato ndi phazi. Anadzuka, nayenda mwaukali mpaka pamaso pa woyimbirayo, amene anali yemwe uja anakhalapo padenga.

"Iwe wakhungu iwe! Maso unasiya kunyumba?"

"Bwererani pabenchi, a Huffnagel, musanadzipweteke."

A Huffnagel anakoka mpweya wonse, nakweza mwendo kuti amenye fumbi. Nsalu imene inamwa thukuta la anthu asanu osaonapo sopo inali itafika pamapeto a ulendo wake. Kunamveka phokoso longa la mtengo ukugwa. Thalauza inang'ambika kuchokera m'chiuno mpaka m'mawondo, malaya anatseguka kumsana, mabatani anauluka ngati zipolopolo mpaka ochemerera akutsogolo anabisa mitu. Zonse zinayoyoka pansi monga masamba ouma a nthochi. Pakati pa bwalo panatsala a Delbert Huffnagel, mwendo umodzi uli m'mwamba, atavala kabudula wam'kati yekha, amene mayi Lorna anasoka ndi thumba la chakudya cha nkhuku. Chithunzi cha tambala wofiira chinali kumbuyo kwenikweni.

Kuseka kumene kunabuka kunamveka mpaka kusiteshoni. Wina anayamba kulira ngati tambala, ndipo mabenchi onse anamuyankha.

"Lamulo la ligi likuti wopanda yunifolomu saloledwa m'bwalo," anatero woyimbira, akulankhula pang'onopang'ono ngati munthu amene akudya chinthu chokoma. "Tulukani!"

Panalibenso manijala woti n'kusintha woponya. Lyle anasonkhanitsa timphamvu totsala, naponya kampira kofooka ngati akupatsira mwana lalanje. Womenya wa Sorrel Creek anaumenya mpirawo mpaka unadumpha mpanda n'kukagwera m'munda wa chimanga, ndipo adani anayi anamaliza kuzungulira makona motsatana akuyenda mosathamanga n'komwe, n'kupeza mapointi anayi. Atsekwe atapatsidwa mwayi wawo wotsiriza womenya, anatulutsidwa atatu ondondozana. Masewera anathera pomwepo.

A Teague anapeza a Huffnagel kuseri kwa kanyumba ka mtedza, atafunda nsalu yapatebulo imene mayi wina wachifundo anawabwereka.

"Pepani, a Huffnagel. Basi ya ku Wexley ibwera Lolemba kudzatenga anyamata."

"A Teague, tipatseniko chaka chimodzi chokha," anachonderera, atagwira nsaluyo ndi dzanja limodzi. "Nsapato za Gus zilipo kunyumba. Ndingofuna munthu wa mapazi aakulu."

A Teague anavala chipewa chawo n'kumapita.

Lolemba basi inabweradi. Rufus Tolliver anali womaliza kukwera, ndipo asanalowe anagwira a Huffnagel chanza mwaulemu, chifukwa anali munthu woleredwa bwino. Chaka chotsatira bwalo la Atsekwe linagaulidwa ndi thalakitala, ndipo pomwe pankaima oponya mpira panamera chimanga chobiriwira bwino. A Huffnagel anali ndi manijala wodziwa ntchito m'manja mwawo, koma anamutaya pothamangira malaya a munthu wakufa, poganiza kuti nzeru za mwini wake zinatsalira m'nsalu. Anataya timu, nataya ulemu tauni yonse ikuona. Akuluakulu sananame pomwe ananena kuti nsalu yobwereka siithetsa usiwa.