Bondo Losakaniza la Mwinamwake

M'chipinda chopangira miyendo ya anthu oduka ziwalo munkagwira ntchito injiniya wina amene anzake anam'patsa dzina loti Mwinamwake, chifukwa ngakhale um'funse ngati kunja kwacha, yankho lake linkayamba ndi mawu amenewo. Ntchito yokha ankaidziwa. Asanadule chitsulo ankayamba wajambula chiwalocho pa kompyuta, n'kuchiveka munthu wongoyerekeza, n'kumuyendetsa mpaka kompyuta itasonyeza pamene chingathyokere.

Mlamu wake, mphunzitsi amene anaduka mwendo pangozi ya galimoto, ankadikira bondo latsopano. Mwinamwake anajambula mabondo awiri, lina lopepuka, lina lochindikala. Atayendetsa munthu wa pa kompyuta uja pamalo osalala, lopepuka linapambana, pomwe lochindikala linkam'lemetsa msana. Atam'kweza masitepe zinthu zinatembenuka: lochindikala linapirira, lopepuka linafiira pakati, kusonyeza kuti lafooka.

Apa mutu unaima. Ankati akayang'ana chithunzi ichi mtima n'kukhala pansi, akayang'ana chinacho mtima n'kunyamukanso.

"Sankhani limodzi," anatero dokotala wa mafupa amene ankagwira naye ntchito. "Mulikonze pamene lafooka, muliyesenso."

"Mwinamwake lopepukali. Koma masitepe aja."

"Ndiye tengani lochindikala."

"Mwinamwake. Nanga msana?"

Dokotala anangopukusa mutu n'kubwerera kwa odwala ake.

Kunyumba nako kunalibe mpumulo. "Achimwene anga aja m'khwapa mwawo mwatupa ndi ndodo," anadandaula mkazi wake. "Sukulu ikutsegulidwa, inu mukadali kuyendetsa chidole pa kompyuta?"

M'mawa mwake Mwinamwake anafika kuntchito ndi nzeru imene ankaiona ngati yothetsa mlandu. Anatenga mbali ya kumtunda ya bondo lopepuka, n'kuilumikiza ndi mbali ya kumunsi ya lochindikala, n'kulamula kuti lipangidwe.

"Losakanizali mwaliyesa?" anafunsa dokotala.

"Onse awiri anayesedwa kale. Mayi wabwino, bambo wabwino, mwana angaipe bwanji?"

Dokotala anamva ngati wavomera, ndipo sanafunsenso.

Mlamu uja analivala, nayenda nalo m'khonde akuseka ngati mwana wophunzira kuyenda. Koma sabata yoyamba ya sukulu, akutsika masitepe atafungata makope a ana, bondo linathyoka polumikizira penipeni. Anagubuduka mpaka pansi, ndipo dzanja lolembera linathyoka pamfundo.

Mwinamwake atamva, sanathamangire kuchipatala. Anayamba wakhala pa kompyuta n'kulowetsamo bondo losakaniza lija. Munthu wongoyerekeza asanatsike n'komwe patali, polumikizira panafiira ngati khala la moto. Anayesanso, poganiza kuti walakwitsa penapake. Panafiiranso. Sanamvetse kuti zinthu ziwiri zabwino zabala bwanji choipa.

Kuchipatala anapeza mkazi wake atakhala pambali pa bedi, osafuna n'kumuyang'ana komwe. Wodwalayo ndiye analankhula, mopanda mkwiyo.

"Alamu, inetu sindikumvetsa. Munkati makina anuwo amaona zinthu zisanachitike. Ndiye anakunamizani?"

"Sananame," anayankha Mwinamwake, maso ali pansi. "Za bondo munavalalo sindinawafunse."

Mphunzitsiyo anabwerera ku ndodo zake, ndipo chaka chimenecho ana anawaphunzitsa ndi wina. Akanavala bondo lililonse mwa awiri aja, litakonzedwa n'kuyesedwanso, bwenzi ali m'kalasi. Koma Mwinamwake, woti asankhe uja, anafuna kubisala konsekonse, ndipo mvula inam'peza ali pakati. Akulu sananame: mapanga awiri avumbwitsa.