Ngalande Yodutsa Zikhomo Zofiira

Pasukulu ya m'mudzi wina wa kumapiri a Laos, ana ankatunga madzi kutali. Nthawi ya tchuthi kudabwera ophunzira khumi a kuyunivesite ya ku Thailand, odzipereka kuyala mapaipi kuchokera kukasupe. Mtsogoleri wawo, Pakorn, adali wakhama, koma wosamva za anzake.

Pakati pa kasupe ndi sukulu padali thengo lozingidwa ndi zikhomo zofiira, chizindikiro chakuti akatswiri adali asanachotsemo mabomba a nkhondo yakale. Kulilambalala kukadatenga masiku asanu. Alendowo adatsala ndi atatu.

"Mwanangu, nthaka iyi sitiimenya ndi khasu," adatero mphunzitsi wamkulu, Mayi Bouavanh. "Lambalalani. Chotsala tidzamaliza tokha."

"Amayi, njati zanu zoweta zimadya momwemo tsiku ndi tsiku. Yaphulika ndi iti?" adayankha Pakorn.

"Udaonapo njati ikukumba, iwe?"

"Ine sindibwerera kwathu nditasiya ntchito panjira."

Masana, anzake ali pa mpunga, Pakorn adadutsa zikhomo zija nayamba ngalande yachidule. Ana adakhamukira m'mphepete mwa thengo kudzaonerera. Posakhalitsa khasu lidalira kuti ngwe! M'dothi mudasuzumira kachitsulo kadzimbiri, kobulungira ngati lalanje, pafupi penipeni ndi phazi lake.

"Ana inu, bwererani kumbuyo, osathamanga!" adalamula Mayi Bouavanh. "Pakorn, khasulo usaliponye. Ligwiritse."

"Amayi, ndichite chiyani?"

"Nyamula phazi pang'onopang'ono. Ponda momwe udaponda popita."

Kamtunda kochepako adakayenda ngati ulendo wa chaka, thukuta lili kamukamu. Bomba silidaphulike, ndipo chimenecho chidali chisomo chabe, osati nzeru zake.

Akatswiri atafika m'mawa mwake, adapeza mabomba ena anayi pafupi pomwepo, natseka sukulu ndi njira ya kukasupe kwa milungu itatu. Tsiku lonyamuka alendo, mapaipi adali mulu pakhonde, osalawako ngakhale dontho. Pakorn adapepesa, maso ali pansi.

"Pita ukaonekere kwa mayi ako uli ndi miyendo yonse," adatero Mayi Bouavanh. "Koma ukadalambalala, bwenzi lero madzi ali pakhomo pa sukulu kapena pafupi."

Mtima wofuna kuthandiza ndi wabwino, koma supatsa mlendo ufulu wonyoza chenjezo la eni nthaka, amene adaika maliro kuti alidziwe. Akuluakulu sadaname: kuthamanga sikufika.